Peony sangabereke ku Kuti, koma nzeru za alimi ake zingatithandize

Mwezi wa Novembala ukafika, pamsika waukulu wa zipatso wa Vashi, pafupi ndi mzinda wa Mumbai ku India, amalonda amatsitsa makatoni a mango ochokera ku Salima. Ndi mango a mtundu wa Alphonso, amene anthu a kumeneko amawatama kuposa ena onse. Amapita pamtengo wabwino chifukwa nthawi imeneyo mitengo ya ku India imakhala ilibe kanthu, poti yawo imayamba kupsa cha m'Malichi. M'mwezi womwewo, m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kuti, mango a boloma ndi kalisere amakhala ali mbwee pansi. Venda akafika ndi galimoto, ndiye amatchula mtengo wa ndowa, ndipo mwini mangowo amangovomera podziwa kuti akakana, mawa aola.

Mango onsewa amapsa ndi dzuwa limodzi la kunyanja. Chimawasiyanitsa ndi zimene zimachitika akathyoledwa. Mlimi wina ali ndi chipinda chozizira, makatoni, zikalata za boma ndi wogula amene anapangana naye kale, pamene mnzake ali ndi ndowa basi. Kodi mlimi wa mitengo isanu angachoke bwanji pa ndowa kufika pa katoni? Yankho lina labwino likuchokera kwa alimi a mbewu imene ambiri kuno sitinaionepo, okhala kudera lozizira koopsa. Awa ndi alimi a maluwa a peony a ku Alaska, amene anadziwa mwezi wawo pamsika n'kumanga bungwe loti awugwiritsitse.

Duwa lofuna chisanu

Peony ndi duwa lalikulu, lothithikana, lonunkhira bwino. Likamasula lonse limakula ngati mbale ya ndiwo. Alipo oyera, a pinki, ofiira ndi ena achikasu. Ku China akhala akulilima kwa zaka zoposa 1,000, ndipo mpaka lero mzinda wa Luoyang umachita chikondwerero chake mwezi wa Epulo chaka chilichonse. Ku Ulaya ndi ku America ndi duwa la maukwati. Akwati ambiri amafuna kunyamula limeneli, ndipo okongoletsa malo a phwando amalipira madola angapo pa duwa limodzi lokha. Mtundu umene umayenda malonda kwambiri, wotchedwa Sarah Bernhardt, unatulutsidwa ndi banja la Lemoine ku France mu 1906, ndipo patha zaka zoposa 100 usanagwe pamsika.

Koma duwali lili ndi khalidwe lake. Nyengo yozizira ikafika, tsinde ndi masamba zimauma, n'kutsala mizu yonenepa m'nthaka. Kuti mizuyo idzaphukenso ndi kubereka maluwa, imayenera kugona milungu yambiri m'dothi lozizira kwambiri, lotsala pang'ono kuundana. Ikapanda kulandira chisanu chotere imatulutsa masamba okhaokha, mwinanso kufooka mpaka kufa. Ikabereka, mtundu uliwonse umakhala ndi maluwa kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenako mlimi adikire chaka chamawa.

Choncho tinene mosapsatira kuti ku Kuti peony sangabereke. Salima ali m'chigwa, pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, ngakhale mwera utawomba chotani, kumathera pa juzi, ndipo m'Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35. Ngakhale ku Dedza kapena ku Nyika, kumene chisanu chimaotcha mbewu, pangafunike kafukufuku wa zaka zingapo munthu asanaikepo ndalama zake. Ku Israel alimi ena amabzala peony m'mabokosi n'kuwalowetsa m'zipinda zozizira kuti mizu ilandire chisanu chochita kupanga, koma njira imeneyo imadya magetsi ndi ndalama zambiri. Wina akadzafika m'mudzi ndi mizu ya peony akulonjeza madola, mlimi wa ku Salima agwire thumba lake. Chimene tingatenge ku Alaska ndi njira imene alimi ake anayendamo.

Mpata wa miyezi itatu

Popeza peony amamasula kanthawi kochepa, msika wake umayenda ndi kalendala. Israel, Italy ndi kumwera kwa France amayamba chakumayambiriro kwa chaka. Netherlands, kumene amalima ochuluka ogulitsa, amadzaza msika m'Meyi ndi Juni. New Zealand ndi Chile, amene dzinja ndi chilimwe chawo zimasemphana ndi za ku Ulaya, amatumiza awo kuyambira cha m'Novembala. Pakati pake panali mpata. Kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, nthawi imene maukwati amachuluka ku America ndi ku Ulaya, peony wongothyoledwa kumene ankasowa pafupifupi paliponse.

Alaska ndi chigawo cha kumpoto kwenikweni cha United States. Mumzinda wa Fairbanks kumazizira mpaka madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndipo nthaka imakhala gwaa kwa miyezi. Chipale chofewa chimachedwa kusungunuka, motero peony amachedwa kudzuka. Akadzuka amapeza dzuwa la m'Juni likuwala pafupifupi maola 22 patsiku, ndipo amakula mofulumira, maluwa ake n'kukhala aakulu. Anthu a kumeneko anakhala akubzala duwali pakhomo kwa zaka zambiri, osadziwa kuti kuchedwa kwakeko ndi chuma.

Amene anatsegula anthu m'maso ndi Dr Patricia Holloway, katswiri wa zomera amene panthawiyo anali pa University of Alaska Fairbanks. Iwo atamva kwa mlimi wina wa maluwa wa ku Oregon kuti peony wa m'Julayi kulibe kwina kumene amapezeka, sanathamangire kuuza alimi kuti abzale. Mu 2001 anabzala mitundu yosiyanasiyana m'munda wa kafukufuku wa Georgeson Botanical Garden, n'kumalemba kuti ndi iti ikupirira chisanu, ikumasula liti, ndipo mapesi ake akutalika bwanji. Zotsatira zitayamba kumveka, wogula wina wa ku London anaitanitsa maluwa ochuluka mlungu uliwonse, kuposa onse amene Alaska yense anali nawo panthawiyo. Apa zinthu ziwiri zinaoneka poyera. Msika unalipo ndithu, koma msikawo sunali wa mlimi mmodzi.

Ntchito imene mmodzi sangaithe

Patangopita zaka zochepa, alimi amene anayamba kubzala anakhazikitsa bungwe lawo, Alaska Peony Growers Association. Ambiri mwa iwo ndi alimi ang'onoang'ono, mabanja a minda yosakwana mahekitala awiri, omwazikana kuyambira ku Fairbanks mpaka ku Homer, kugombe la kumwera. Kuti timvetse chimene chinawakakamiza kugwirana manja, tione mmene duwali limachokera m'munda.

Peony sathyoledwa atamasula. Mlimi amadula duwa likadali lotseka, pamene langoyamba kufewa akalikanikiza ndi chala. Akafulumira, duwalo silidzamasula konse kwa wogula. Akachedwa maola ochepa, limamasulira m'munda ndipo malonda athera pomwepo. N'chifukwa chake nyengo yokolola mlimi amazungulira munda kangapo patsiku. Maluwa odulidwawo amayenera kulowa msanga m'chipinda chozizira pafupifupi digiri imodzi, mmene angasungike kwa milungu ingapo. Kenako amasankhidwa potengera kutalika kwa phesi ndi kukula kwa duwa, amamangidwa m'mitolo, amalongedwa m'makatoni n'kupita kubwalo la ndege. Pamenepa Alaska anali ndi mwayi, chifukwa bwalo la Anchorage ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri ndi ndege za katundu padziko lonse, komanso anthu ake anazolowera kale kutumiza nsomba zaziwisi kutali.

Chipinda chozizira, makatoni, galimoto ndi kusakasaka ogula ndi zinthu zolemera kwa banja limodzi. Choncho alimi a m'dera limodzi anayamba kutsegula malo olongedzera a onse ndi makopaletivi ogulitsira pamodzi, pamene bungwe lalikulu linatenga ntchito zokhudza onse. Limachititsa msonkhano wa pachaka nyengo yozizira, kumene alimi atsopano amaphunzira kwa akale. Limagwira ntchito ndi yunivesite pofufuza matenda ndi tizilombo. Limathandiza alimi kumvana pa miyeso ya duwa labwino, kuti wogula akaitanitsa gulu loyamba alandire chimodzimodzi, kaya lachokera m'munda wa yani. Limalengezanso dzina la peony wa ku Alaska kwa ogula, ndi kuyankhulira alimi kuboma. Tauni ya Homer inafika podzitcha mzinda wa peony, ndipo m'Julayi imachita chikondwerero chimene chimakoka alendo.

Walira mvula walira matope. Mizu ya peony ndi yodula, ndipo mlimi amadikira zaka zitatu mpaka zisanu asanayambe kudula maluwa ogulitsa, uku akupalira ndi kuthira manyowa. Zaka zina chipale chofewa, chimene chimafunditsa mizu, chinachepa ndipo minda ina inafa ndi chisanu. Matenda a nkhungu otchedwa botrytis ndi tizilombo tobisala m'maluwa zinavutitsa. Ena amene analowa ulimiwu poganiza kuti ndi ndalama zachangu anausiya. Amene anapirira ndi amene anali ndi anzawo owafunsa nzeru ndi obwerekana nawo chipinda chozizira.

Zimene Lusaka anaona

Bungwe lotere si lachilendo kuchigawo chathu chino. Kwa anansi athu ku Zambia, alimi amene ankafuna kugulitsa maluwa ndi ndiwo zamasamba ku Ulaya anakhazikitsa Zambia Export Growers Association, imene imadziwika kuti ZEGA, mu 1984. Vuto lawo loyamba linali la ndege. Katundu wa mlimi mmodzi anali wochepa moti makampani a ndege sankamuwerengera. ZEGA inayamba kusonkhanitsa katundu wa mamembala, kukambirana mitengo ndi eni ndege m'malo mwa onse, ndi kuyendetsa malo ozizira pabwalo la ndege la Lusaka. Inagwirizananso ndi sukulu ya Natural Resources Development College pophunzitsa akapitawo a m'minda, ndipo inaika malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala ndi kasamalidwe ka antchito, zimene masitolo a ku Ulaya amafunsa asanagule.

M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, marozi, zitheba, nsawawa ndi chimanga chanthete zochokera m'minda yozungulira Lusaka zinkafika ku Netherlands ndi ku Britain mlungu ndi mlungu, ndipo anthu masauzande ambiri, makamaka amayi, anapeza ntchito. Koma nkhani ya ku Zambia ili ndi mbali yowawa imene tiyenera kuimva bwino. Kampani yaikulu ya Agriflora, imene inkagula ndiwo kwa alimi ang'onoang'ono a m'mbali mwa Lusaka, inagwa mu 2004, ndipo alimi amene anali ataika ndalama zawo pa mipope ya mthirira anatsala opanda wogula. Mtengo wonyamulira katundu pandege unakwera. Mu 2013 British Airways inasiya kutera ku Lusaka. Nthawi yomweyo Kenya ndi Ethiopia, amene ali ndi ndege zopita ku Ulaya tsiku ndi tsiku, anali akudzaza msika ndi marozi awo.

Kuno kwathu minda ingapo ya marozi inayesapo kufupi ndi Lilongwe, n'kumatumiza ku Netherlands, koma ulimiwu sunakule. Ndege za KLM ndi British Airways, zimene kale zinkatera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, zinasiya, ndipo lero katundu wathu amadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Pa katundu woonongeka msanga, ola lililonse limene katoni yakhala padzuwa podikira ndege ina ndi ndalama yotayika. Maphunziro awiri akutuluka apa. Alimi amene moyo wawo wonse wamangiriridwa pa wogula mmodzi ali pangozi, ndipo amene sanawerengere za mayendedwe asanabzale adzalira pokolola.

Zimene Salima ali nazo kale

Wina angaganize kuti kutumiza katundu wosachedwa kuonongeka kuchokera ku Salima ndi maloto. Mbiri ya bomali ikukana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsomba zamoyo za mbuna kuchokera ku Kambiri, ku Senga Bay, kupita kwa okonda kuweta nsomba zokongola ku Ulaya ndi ku America. Nsombazo zinkalongedwa m'mapulasitiki a madzi ndi mpweya, n'kuyenda mtunda wa makilomita oposa 100 kupita kubwalo la ndege, n'kukafika zamoyo. Ngati nsomba yamoyo inatha ulendowu, chipatso chingauthenso.

Kampani ya Malawi Mangoes, imene inayamba mu 2009, inamanga fakitale ku Salima, inatsegula minda yake, ndipo inagwira ntchito ndi alimi masauzande pomezanitsa mitengo yawo yakale ndi mitundu yofunika pamsika monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt. Mitengo ya Alphonso inachokera ku Ratnagiri, kwawo kwenikweni kwa mangowa ku India. Chimene kampaniyi inaona ndi chomwe a Holloway anaona ku Fairbanks. Mango a kunyanja amapsa kuyambira m'Okutobala, pamene India alibe, ndiponso asanachuluke a ku South Africa. Kutentha kwa Salima, kumene kumakaniza peony, ndiko kumafulumizitsa mango. Umenewu ndiwo mpata wathu pa kalendala.

Malambe, amene ali ponseponse m'mbali mwa nyanja, ali ndi phunziro lawonso. Kale ufa wa malambe sunkaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya m'maiko a European Union. Chilolezo chinatuluka mu 2008, ndipo amene anachimenyera ndi bungwe la PhytoTrade Africa, la ochita malonda a zinthu za m'tchire a m'maiko a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Ntchito ya kafukufuku ndi zikalata imene inafunika inali yoti palibe wotola malambe kapena kampani yaing'ono ikanaitha payokha. Bungwe linalipira kamodzi, khomo n'kutsegukira onse.

Zina zofunika zilipo. Msewu wa M14 umalumikiza Salima ndi Lilongwe. Njanji yopita kudoko la Nacala imadutsa ku Salima. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021, umboni woti dzuwa la kuno lingayendetse zipinda zozizira. Madzi a mitsinje ya Linthipe ndi Lilongwe, komanso a nyanja, ali pafupi. Malo a kafukufuku a Chitala ndi Lifuwu ali m'boma lomweli. Chimene chikuperewera ndi bungwe lamphamvu la alimi eni ake, loti likhale pampando umodzi ndi kampani, boma ndi eni magalimoto.

Bungwe loti ligwire ntchito

Makalabu ndi makopaletivi si achilendo ku Salima. Ambiri amabadwa pulojekiti ikabwera, n'kufa ikapita, chifukwa chowasonkhanitsa chimakhala zolandira. Bungwe lokhalitsa limamangidwa pa ntchito imene membala aliyense akuona kuti payekha sangaithe. Pa mango, ntchito zotere ndi zoonekeratu.

Yoyamba ndi kudziwa chimene alimi ali nacho. Mitengo ilipo ingati, ya mitundu yanji, ya yani, ndipo imapsa mlungu uti? Wogula wamkulu safunsa ngati mango ndi okoma. Amafunsa kuti alandira matani angati, tsiku liti, kwa milungu ingati. Bungwe lopanda kaundula silingayankhe, ndipo lidzalonjeza zimene lilibe.

Yachiwiri ndi ntchentche ya zipatso. Mtundu woopsa wa Bactrocera dorsalis, umene unaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003, unafalikira mpaka kuno. Ntchentcheyi imaboola chipatso n'kuikira mazira, ndipo mphutsi imodzi yopezeka pamalire ikhoza kubwezetsa katundu yense. Mlimi atha kutola zipatso zonse zakugwa n'kuzikwirira, n'kutchera misampha yake, koma ngati woyandikana naye sakuchita zomwezo, ntchentche zidzangowoloka malire a munda. Nkhondo imeneyi imapambanidwa ndi mudzi wonse pamodzi, mothandizana ndi mafumu ndi alangizi. Alimi a mtedza a ku Mchinji, pansi pa bungwe la alimi la NASFAM limene linayamba mu 1997, anachita zofanana ndi chuku. Anaphunzitsana kaumitsidwe ndi kasankhidwe mpaka mtedza wawo unalowa m'masitolo a ku Britain.

Yachitatu ndi miyeso. Mamembala amvane kuti chipatso cha gulu loyamba n'chotani, chithyoledwe chitakhwima bwanji, ndipo chisagwe pansi kapena kudetsedwa ndi utomoni. Wosankha asaone nkhope, ngakhale katundu atakhala wa apampando. Masitolo a kunja amafuna satifiketi monga ya GlobalG.A.P., imene ndi yodula kwa munthu mmodzi koma ili ndi njira yoti gulu la alimi liitengere pamodzi. Alimi a khofi a ku Misuku, Phoka ndi Viphya anadziwika kunja chifukwa anasonkhanitsa khofi wawo pansi pa dzina limodzi la Mzuzu Coffee n'kusunga mlingo umodzi.

Yachinayi ndi malo olongedzera okhala ndi mthunzi, madzi aukhondo ndi chipinda chozizira. Ichi chibwere wogula atapezeka kale. M'dziko muno muli nyumba zosungiramo zokolola zimene zinamangidwa msika usanadziwike, ndipo lero zangokhala. Pulojekiti ya boma ya AGCOM, yothandizidwa ndi World Bank, imapereka thandizo kwa magulu a alimi amene asonyeza mgwirizano ndi wogula ndiponso asonkhako gawo lawo. Dongosolo limeneli ndi loyenera, chifukwa chimene munthu waikapo ndalama yake amachisamala.

Yachisanu, imene imagwetsa mabungwe ambiri, ndi kukhulupirika. Venda amabwera ndi ndalama m'manja, pamene bungwe limalipira pakapita milungu. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangadzudzulidwe akagulitsira kumbali. Bungwe lanzeru limakonzekera zimenezi polipira gawo lina tsiku lomwelo, mwina mogwirizana ndi mabanki mkhonde, ndi kuwerenga poyera ndalama zonse zolowa ndi zotuluka pamsonkhano wa mamembala. Amayi, amene ndiwo amatola ndi kusenza mango ambiri, akhale ndi mipando yeniyeni mu komiti ndipo ndalama zizilowa m'manja mwawo. Atsogoleri azisinthana nthawi yawo ikatha.

Bungwe lisayambire ku Mumbai. Mahotela a ku Senga Bay, masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi fakitale ya ku Salima ndiwo sukulu yoyamba. Gulu limene latha kupereka katundu wofanana, tsiku lopangana, kwa nyengo ziwiri kapena zitatu, lingayambe kuyang'ana kunja kwa malire. Likhale ndi ogula oposa mmodzi, ndipo mango osafika pa mlingo aziumitsidwa kapena kupita kufakitale m'malo motayidwa. Mbewu zina zokonda kutentha, monga tsabola, therere, mapapaya ngakhale maluwa a m'madera otentha, ziyambe zayesedwa ku Chitala kapena ndi akatswiri a ku koleji ya zaulimi ya Bunda, monga zinachitikira ku Georgeson, alimi asanauzidwe kuti abzale. Mtengo womezanitsa umatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti uyambe kubereka bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phindu la nkhalango

Kuti, amene kale anali malo owetera ng'ombe, lero ndi nkhalango ya mahekitala pafupifupi 2,000 yosungira mbidzi, mphalapala, nswala, ngoma ndi mbalame zambiri, pamtunda waufupi kuchokera m'tauni ya Salima. Yazunguliridwa ndi midzi, ndipo aliyense akudziwa kuti mpanda wokha sungateteze mitengo pamene mabanja alibe pena popezera ndalama kupatula makala ndi nkhuni. Miyezi imene mango amapsa ndi yomwe chakudya chimayamba kuchepa m'nyumba zambiri, ndiponso yomwe mlimi amafuna ndalama za mbewu ndi feteleza. Banja limene lagulitsa zipatso pamtengo wabwino m'Novembala silikhala ndi chifukwa chonolera nkhwangwa m'Januwale.

Ubalewu ndi wa mbali ziwiri. Tchire losungika limasunga njuchi ndi tizilombo tina tothandiza mitengo kubereka, limapatsa uchi, ndipo limakoka alendo amene angagule zipatso zouma, uchi ndi ufa wa malambe zolembedwa dzina la dera. Mtengo wobereka ndalama sudulidwa chisawawa. Bungwe la alimi lamphamvu kunja kwa mpanda lingateteze Kuti kuposa alonda ochuluka mkati mwake.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika ulimi wamalonda patsogolo, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumene kwavuta dziko lino zaka zapitazi kwatikumbutsa kuti fodya yekha sangatinyamule. Koma boma silingathyole mango m'malo mwa mlimi, ndipo kampani, ngakhale yabwino chotani, imayamba yaona phindu lake. Khonsolo ya Salima, alangizi ndi akatswiri a kafukufuku achite mbali yawo pothandiza kalembera wa mitengo, kulimbana ndi ntchentche ndi kufewetsa njira yopezera zikalata. Kwa inu alimi a m'midzi yozungulira Kuti, ntchito yoyamba sifuna ndalama za wina aliyense. Kumanani mitengo isanachite maluwa, lembani mayina ndi mitengo yanu, sankhani atsogoleri amene mungawafunse za ndalama popanda mantha, ndipo tumani anthu anu akakambirane ndi ogula zipatso zisanapse.